Zaka 12 zolembedwa pa botolo: yankho kwa bambo a ku Matawale

Funso la lero lachokera kwa bambo ena a ku Matawale, kuno ku Zomba, amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Mwana wawo amene amagwira ntchito ku Johannesburg anawabweretsera mabotolo awiri pa Khirisimasi, wiski wa Glenfiddich ndi ramu wa Appleton Estate, onse olembedwa zaka 12. Atatsegula wiskiyo anathira theka la tambula n'kugugudiza, ndipo chimene anamva ndi moto pakhosi basi. Anzawo anati athiremo Coca-Cola. Zinatheka kumwa, koma mtima sunakhazikike. Alemba kuti: "Ngati mpaka ndithiremo chakumwa chozizira kuti amweke, ndalama zonse anawononga mwanayu zapita pati? Nanga ramuyu, poti sindinamutsegule, ndingamusunge mu kabati zaka zisanu kuti pa ukwati wa mdzukulu wanga adzakhale wa zaka 17?"

Bambo, zikomo polemba mosabisa mawu. Ndakhala zaka zambiri kuseri kwa kauntala ya bala m'mahotela, ndipo anthu ambiri amene ndawathirira wiski anali ndi funso lomweli mumtima, kungoti amachita manyazi kulitulutsa. Ndiyambe ndi la ramu chifukwa yankho lake ndi lalifupi. Ayi, sadzafika zaka 17. Mowa wotcheza umakula uli mu mgolo wamatabwa, ndipo tsiku limene wathiridwa mu botolo zaka zake zimaima pomwepo. Galasi silipereka kanthu ku mowa. Mukamusunga bwino adzakhala monga alili lero, osaposa. Kusunga bwino ndiko kuimika botolo chilili, osaligoneka ngati vinyo, chifukwa mowa waukali chonchi umadya chitsekerero, komanso kuliika pamthunzi, kutali ndi zenera ndi mbaula. Wiski mwatsegula kale uja musamusiye zaka ali theka, pakuti mpweya umene walowa m'botolomo umachotsa fungo pang'onopang'ono.

Tsopano ku ndalama za mwana wanu. Kuti muone kumene zapita, tiyambire pa chinthu chimene tonse tinachionapo kumudzi, amayi akutcheza kachasu. Amaviika madeya ndi shuga mpaka zitawira, amaika pamoto mu mbiya yomata bwino, nthunzi imadutsa mu mpaipi woviikidwa m'madzi ozizira, ndipo kumapeto kwake kumadontha madzi oyera mbee koma aukali. Chimachititsa ndi chakuti mowa umasanduka nthunzi ukafika pa madigiri 78 pomwe madzi amadikira 100, choncho mowa umatsogola kutuluka. Ku Scotland ndi ku Jamaica nzeru yake ndi yomweyi. M'malo mwa mbiya ali ndi miphika ikuluikulu ya mkuwa, ndipo mkuwawo umagwira zonunkha zina za salufa zimene zikanaipitsa mowa. M'malo mwa madeya, a ku Scotland amaviika balere mpaka amere, ndendende mmene timapangira chimera, n'kumuumitsa. A ku Jamaica amatenga molasesi, madzi akuda okhuthala aja otsala shuga akachotsedwa mu nzimbe, omwe amatulukanso ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ndipo makampani a PressCane ndi Ethanol Company amapangira sipiriti wotchedwa ethanol.

Pali malo awiri pamene njira zimasiyana. Oyamba ndi awa: kwathu kuno madontho oyamba, mutu uja, ndiwo amalimbiranidwa chifukwa cha ukali wake. Wopanga wiski saulola mutu kulowa mu mgolo. Amaupatula, amapatulanso zomalizira zonunkha zija, n'kusunga zapakati zokha. Mu mutu ndi mmene mumachuluka zinthu zobaya mphuno, zonunkha ngati mankhwala ochotsera penti ya m'zikhadabo. Achiwiri ndi mgolo. Chimene chimatuluka mu mphika wa ku Glenfiddich, m'tauni ya Dufftown, ndi choyera ngati kachasu, ndipo lamulo la ku Scotland silichilola kutchedwa wiski mpaka chitagona mu mgolo wa mtengo wa oak zaka zosachepera 3, m'dziko lomwelo, n'kudzatuluka ndi ukali wosachepera 40 peresenti. Lamulo lomwelo limati nambala ya pa botolo ikhale ya wiski wamng'ono kuposa onse amene asakanizidwamo. Ndiye mu botolo lanu mulibe dontho limene linagona zaka zochepera 12, ngakhale mungakhale ena okulirapo.

Mgolo umenewu ndiwo nkhani yonse, ndipo ndikufuna ndikhalitsepo pang'ono. Migolo yambiri ya ku Scotland imagulidwa yogwirapo kale ntchito ku America. Kumeneko lamulo limati wiski wawo wotchedwa bourbon, amene mbewu zake zosachepera 51 peresenti ziyenera kukhala chimanga, agone mu mgolo watsopano wowotchedwa mkati mpaka kuchita makala. Akangougwiritsa kamodzi sangaubwerezenso pa bourbon, ndiye amaugulitsa kwa a ku Scotland ndi a ku zilumba za Caribbean. Mgolo wotere, wa malita pafupifupi 200, umapereka kafungo ka vanila, uchi ndi kokonati. Ina imachokera ku Jerez, ku Spain, mmene munagona vinyo wa sherry, ndipo ambiri mwa imeneyi ndi aakulu, a malita pafupifupi 500. Imeneyi imapereka mtundu wofiirira ndi fungo la mphesa zouma. Kukatentha mowa umafufuma n'kulowa mu thabwa, kukazizira umabwerera utatenga mtundu ndi kukoma kwa mtengowo, ndipo makala a mkati aja amasefa zowawa. Zimachitika chaka ndi chaka, m'nyumba zamdima zosungiramo migolo, popanda wozifulumizitsa.

Komanso thabwa limapuma. Ku Scotland mgolo uliwonse umataya pafupifupi 2 peresenti ya zamkati mwake pa chaka, zongouluka mu mpweya, ndipo eni ake amati limenelo ndi gawo la angelo. Werengani nokha, inu aphunzitsi: pa zaka 12, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mgolo lapita. Wopangayo wagula mgolo, walipira anthu ndi malo osungira, wadikira zaka zonsezo osagulitsa kanthu, kenako wapeza katundu wake wachepa. Mtengo wa botolo ukuchokera pamenepo, kuphatikizapo misonkho ndi ulendo.

Ramu wanu nkhani yake ndi yokulirapo. Appleton Estate ili m'chigwa cha Nassau, ku St Elizabeth m'dziko la Jamaica, ndipo mbiri yake ya ramu imayambira 1749. Kumeneko ndi kotentha chaka chonse. Ganizani kusiyana kwa kuyanika ufa pamwamba pa phiri la Zomba mu June ndi kuuyanika ku Nsanje mu October. Mgolo wa ku Jamaica umataya mowa kuwirikiza katatu kapena kuposerapo poyerekeza ndi wa ku Scotland, ndipo mowa umayamwa mtengo mwachangu chomwecho. Ramu wa zaka 12 wa kotentha amakhala atatenga thabwa lochuluka kuposa wiski wa zaka 12 wa kozizira. N'chifukwa chake ndimakana munthu akamayerekeza mabotolo poona nambala yokha. Amene wakhala akusakaniza migolo ya ku Appleton kwa zaka zambiri ndi mayi Joy Spence, amene anaphunzira sayansi ya kemisitiri ndipo anapatsidwa udindo wa mkulu wosakaniza mu 1997, mayi woyamba kufika pamenepo m'makampani a mowa wotcheza. Ntchito yawo yaikulu imagwiridwa ndi mphuno.

Mphuno ndi imene inasowa tsiku limene munagugudiza lija. Lilime limadziwa zinthu zochepa: kutsekemera, kuwawa, kuwawasa, mchere, ndi kukoma kwa msuzi wa nyama. Zina zonse zimene timati kukoma zimadzera m'mphuno, ndiye chifukwa chake ndiwo sizikoma munthu akadwala chimfine. Mukameza theka la tambula nthawi imodzi, mphuno simwaipatse mpata, ndipo chotsala ndi ukali wa 40 peresenti ukupsereza khosi. Simunalakwe posamva kukoma. Palibe amene akanakumva pa kamwedwe kameneko.

Yesaninso motere, madzulo ena mutadya kale nsima, osati ndi njala. Pewani tsabola wa kambuzi pa chakudya chimenecho, ndipo ngati mumasuta dikirani kaye. Pezani tambula yopapatiza kukamwa. Ilipo yopangidwira ntchitoyi yotchedwa Glencairn, koma ya vinyo yaing'ono ikwanira. Onetsetsani kuti siikununkha sopo kapena kabati. Thirani toti imodzi, mamililita 25, omwe ndi masupuni a tiyi asanu, n'kuisiya pa tebulo mphindi khumi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano mawuwa ndi oona ndithu, chifukwa m'mphindi zimenezo ukali wa pamwamba umauluka, fungo lenileni n'kuyamba kukwera. Bweretsani tambula pafupi ndi mphuno, osailowetsa mkati, pakamwa patatseguka pang'ono, n'kununkhiza mofatsa. Kachiwiri mudzamva zambiri kuposa koyamba. Kenako pyontho pang'ono, kongonyowetsa lilime, kuti m'kamwa muzolowere. Pa kachiwiri sungani m'kamwa masekondi angapo musanameze, ndipo mukameza tulutsani mpweya kudzera m'mphuno. Chimene chimatsala pakhosi ndi m'mphuno, ndi kutalika kwa nthawi imene chikhalepo, ndicho chimasiyanitsa mowa wogona zaka ndi wa dzulodzulo.

Mukatero thirani madzi, theka la supuni ya tiyi, mulawenso. Musamve zonena kuti mwamuna weniweni samathira madzi mu wiski. Anthu amene amasakaniza wiski ku Scotland amamusungunula kwambiri ndi madzi akamamununkhiza pa ntchito yawo. Mu 2017 akatswiri awiri a pa yunivesite ya Linnaeus ku Sweden anasonyeza kuti wiski akasungunuka, kanthu kena kopereka fungo kotchedwa guaiacol kamakwera pamwamba pa chakumwacho, pomwe mphuno ingakapeze. Madziwo akhale opanda fungo la klorini. A pampopi athu ochokera ku damu la Mulunguzi ndi abwino, kungowatunga m'mawa n'kuwasiya mu jagi yosavindikira mpaka madzulo. Za ayisi, ine ndimati mu June ndi July, chiperoni chikatsika m'phiri, palibe chifukwa. Mu October kachidutswa kamodzi si tchimo, koma dziwani kuti kuzizira kumatseka fungo, ndiye muyambe mwalawa kaye musanaike.

Tsono mudzamva fungo lanji? Apa pali msampha umene umafooketsa anthu ambiri kwathu kuno. Mawu olembedwa pa bokosi analembera anthu a kwawo, ndi zipatso za kwawo. Pa Glenfiddich amatchula peyala, koma si mapeyala athu opaka pa buledi aja. Ndi chipatso china cha kozizira, chachibale ndi apozi. Munthu amanunkhiza kufunafuna chinthu chimene sanachidyepo, akalephera n'kuganiza kuti mphuno yake ndi yakufa. Siyani bokosi, funsani mphuno yanu kuti yakumbuka chiyani. Ine mu Glenfiddich wa zaka 12 ndimamva apozi wobiriwira wongodulidwa kumene, uchi wochepa, ndi kafungo ka thabwa lopalidwa ngati mukudutsa pa kalipentala. Mu Appleton ndimamva khungu la lalanje likapsa pa mbaula, nthochi zakupsa kwambiri zimene amayi amasankhira zitumbuwa, shuga wabulauni wopserera pansi pa poto, ndi koko. Bambo wina amene ndinamuthirira ramu wa mtundu umenewu anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati akumva chigumu cha agogo ake chongophulidwa kumene, masamba a nthochi akadali omata. Sindinamvepo kufotokoza kolondola kuposa kumeneko, ndipo palibe bokosi limene likanamuuza.

Ndikupemphani kuti ramuyo mumutsegule, mulawe awiriwa tsiku limodzi, theka la toti aliyense, kuyambira wiski chifukwa ndi wopepuka. Munthu amaphunzira msanga akayerekeza zinthu ziwiri kusiyana ndi kulawa chimodzi. Appleton wa zaka 12 ali pa 43 peresenti, ndiye angafune madzi ochulukirapo pang'ono.

Mukadzayamba kugula nokha, pali zinthu zingapo zimene sindifuna zidzakupusitseni. Mtundu wakuda si umboni wa zaka. Malamulo a wiski wa ku Scotland amalola kuthiramo karamelo wosintha mtundu, ndipo opanga ramu ambiri amachitanso chimodzimodzi. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere: botolo lofiira bwino likhoza kukhala la zaka zitatu zokha, pomwe lotuwa ngati udzu wouma lili la zaka 15. Pa ramu chenjerani kawiri, chifukwa dziko lililonse lili ndi malamulo ake. Ku Jamaica ndi ku Barbados, kwawo kwa Mount Gay amene mbiri yake imayambira 1703, nambala imanena za ramu wamng'ono kuposa onse, monga ku Scotland. Koma Zacapa wa ku Guatemala, wolembedwa 23, ndi wosakaniza ramu wa misinkhu yosiyanasiyana, ndipo 23 si msinkhu wa wamng'ono. Opanga ena amathiramo shuga akamaliza kuti ramu aziterera pakhosi, mpaka mayiko a European Union anaika malire a magalamu 20 pa lita. Ramu weniweni sakhala wotsekemera ngati sobo ngakhale amachokera ku nzimbe, popeza shuga satuluka nawo mu nthunzi potcheza. Kutsekemera kumene mumamva mu ramu wosathiridwa kanthu ndi kwa fungo ndi kwa mgolo.

Mawu akuti single malt, amene ali pa botolo lanu, amangotanthauza kuti wiskiyo ndi wa chimera cha balere chokha, wotchezedwa m'miphika ya mkuwa pa fakitale imodzi. Blended ndi wosakaniza wa mafakitale ambiri pamodzi ndi wa mbewu zina. Ena amanyoza wosakaniza, ine sindigwirizana nawo. Johnnie Walker Black Label ndi wosakaniza, nayenso ndi wa zaka 12, ndipo amapezeka mosavuta m'masitolo akuluakulu a kuno. Muli kautsi pang'ono kamene mu Glenfiddich mulibe. Utsi umenewo umachokera ku peat, dothi lakuda la m'madambo a ku Scotland lopangidwa ndi zomera zowolerana kwa zaka zikwi, limene amaliumitsa n'kulisonkhezera poumitsa chimera. Pa chilumba cha Islay, kwawo kwa Laphroaig, Lagavulin ndi Ardbeg, utsiwo ndi wochuluka kwambiri moti ena amabweza tambula atangonunkhiza. Koma ndaona kuti ife amene tinakulira m'khitchini ya nkhuni, tikudya milamba yowamba ya ku Chilwa, sitimavutika nawo kwenikweni. Mwana wanu akadzabweranso, mupempheni akutengereni Bain's Cape Mountain Whisky wa ku Wellington, ku South Africa konko. Ndi wa chimanga chokhachokha, wofewa, wotsika mtengo kuposa wa ku Scotland, ndipo amaonetsa bwino chimene mgolo ungachite ndi mbewu imene timaidziwa tonse.

Chinthu china chimene chimandiwawa ndi mowa wachinyengo. Tsiku lina mnzanga anandiitanira wiski wodula pa bala ina, botolo lake lenileni, chizindikiro chili bwinobwino. Nditanunkhiza ndinamva sipiriti ndi shuga wowotcha basi. Ndinadonthezera pang'ono pachikhatho, n'kutikita manja mpaka atauma, n'kununkhizanso. Wiski weniweni amasiya fungo la chimera ndi thabwa m'manja, koma apa panatsala kunanda kokha. Titayang'ana chivindikiro tinapeza kuti kamkombero kake kanali kodulidwa kale n'kumatidwanso ndi guluu. Botolo lopanda kanthu la wiski wodula lili ndi msika, ndiye lanu likatha muchotse chizindikiro kapena muliphwanye. Mtengo ukatsika modabwitsa, siyani. Vuto si kuberedwa ndalama kokha. Mowa wosadziwika kochokera umatha kukhala ndi methanol, amene amachititsa khungu ndiponso kupha.

Za Coca-Cola, anzanu sanachite choipa, kungoti anasankha botolo lolakwika. Ramu woyera kapena wiski wamba amayenda bwino ndi chakumwa chozizira, ndipo anapangidwira zomwezo. Koma mu botolo la zaka 12, shuga ndi mpweya wa chakumwacho zimakwirira chinthu chenicheni chimene mwana wanu analipirira.

Ndinenenso za muyeso, poti ndaona anthu abwino akugwa ndi mowa wodula mofanana ndi amene anagwa ndi wa m'masacheti uja boma linaletsa. Zaka za mu mgolo sizichotsa mphamvu ya mowa pa chiwindi. Toti ya mamililita 25 pa 40 peresenti ili ndi mamililita 10 a mowa weniweni, ndiye toti imodzi ndi theka ikufanana pafupifupi ndi botolo limodzi la mowa wamba. Theka la tambula munamwa lija mwina linali matoti anayi kapena asanu. Ngati mumamwa mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, kambani kaye ndi adokotala anu. Ndipo ngati mwakalawira kumtunda ku Ku Chawe, msewu wokhotakhota uja wotsika m'phiri ayendetse wina amene sanamwe.

Botolo la mamililita 750 lili ndi matoti 30. Mukamathira imodzi Loweruka lililonse madzulo, ramu yekhayo akufikitsani miyezi isanu ndi iwiri. Ngati mtima wanu uli pa ukwati wa mdzukulu, gulani kabotolo kagalasi kakang'ono kotseka bwino, muthiremo matoti anayi mpaka kadzaze kukhosi kuti musatsale mpweya, mukabise kumbuyo kwa kabati. Wotsalayo muyambe Loweruka likubwerali, ndipo mudzandilembere kuti mphuno yanu yakumbuka chiyani.